Kudzutsa Massey Ferguson 135 imene yagona zaka, ndi kumasula zipangizo zogwidwa ndi dzimbiri

Thirakitala imene yaima pansi pa mtengo zaka zitatu kapena zisanu nthawi zambiri imakhala isanafe. Chimene chimaimaliza ndi zochitika za tsiku limene mwini wake waganiza zoidzutsa. Amabwereka batire la lole, kuliza sitata mpaka mawaya atenthe, ndipo zikakanika amaimangirira tcheni ku thirakitala ina n'kuikoka ili m'giya. Injini imene ikanamasuka ndi mafuta pang'ono ndi masabata awiri odikira imapindika zitsulo za m'kati, ndipo ntchito yotsika mtengo imasanduka yogulira injini ina.

Ndifotokoza za Massey Ferguson 135 chifukwa ndi imene imapezekabe m'maesiteti ndi m'minda yambiri ku Malawi ndi ku Zambia, ina ikulima, ina itagona m'udzu. Inayamba kupangidwa mu 1964, ndipo zambiri za kuno zinachokera ku fakitale ya Banner Lane ku Coventry. Injini yake ya dizilo ndi ya Perkins, kampani ya ku Peterborough, ndipo yofala kwambiri ndi AD3.152: masilinda atatu, kukula kwake malita 2.5, mphamvu pafupifupi mahatchi 45. Ilibe kompyuta, ndipo ikangolira sifunanso magetsi kuti ipitirize kuyenda. Ikapeza mpweya woyera, dizilo woyera, oyilo ndi kupanikiza kokwanira m'masilinda, imalira. N'chifukwa chake ndimaona kuti kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha musanaipime n'kutaya chuma.

Funso loyamba lisakhale la sipanala ayi. Funsani amene anaiyendetsa komaliza kuti inaima bwanji. Ngati anaibweretsa ikuyenda, kuizimitsa bwinobwino, kenaka inasiyidwa chifukwa cha tayala kapena kusowa kwa ndalama, ndiye kuti chaigwira ndi dzimbiri, ndipo chiyembekezo chilipo chachikulu. Koma ngati inazima yokha ili pa ntchito, itayamba yagogoda kapena kutentha kwambiri, imeneyo ndi imene amakaniko amati yanoka. Oyilo anatha kapena anasiya kuzungulira, maberingi anasungunuka n'kumatirira ku crankshaft, shafuti yaikulu ya pansi pa injini imene mapisitoni amaizunguza. Yotere mungainyike mafuta chaka chathunthu, siimasuka. Imafuna kuphwasulidwa ndithu, ndipo crankshaft ipite kokasemedwa.

Yogwidwa ndi dzimbiri imafika pamenepo motere. Ekizosi ya 135 yambiri imaloza kumwamba. Injini ikaima, kawirikawiri pamakhala valavu imene yatsala yotseguka, ndipo mvula ya Disembala mpaka Malichi imatsika ndi paipi ija mpaka kukakhala pamwamba pa pisitoni. Pisitoni ndi ya aluminiyamu, koma maringi ake ndi khoma la silinda ndi zachitsulo. Dzimbiri likamera pakati pa ringi ndi khoma limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, monga nyemba zouma zimafufumira zikagona m'madzi, ndipo mpata wochepetsetsa umene pisitoni imayendamo umatsekeka. Nthawi zambiri silinda yogwira imakhala imodzi yokha, zina ziwiri zili bwino.

Musanaweruze kuti pisitoni yagwira, chotsani zokayikitsa zina. Masulani lamba wa fani, chifukwa pampu ya madzi kapena dayinamo nazo zimauma. Chotsani sitata, poti giya yake yaing'ono imatha kukakamira m'mano a flywheel, gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini. Onetsetsani kuti magiya onse ali pa nyutulo ndipo PTO, shafuti ya kumbuyo yozunguza zipangizo, ndi yozimitsa. Kenaka pitani pansi pa injini ndi chidebe, mumasule pang'ono bawuti lotayira oyilo koma osalichotseratu. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho ngati alimo ndi amene amayamba kudontha. Kapu imodzi ya madzi si yoopsa kwenikweni. Malita angapo, kapena oyilo wotuwa ngati mkaka, akukuuzani kuti gasiketi ya hedi (chitsulo chotseka pamwamba pa masilinda) inapsa kapena penapake panang'aluka. Pakani oyiloyo pa chala padzuwa. Mukaona tizitsulo tonyezimira, maberingi anadyeka.

Tsopano chotsani chivundikiro cha pamwamba pa hedi kuti muone mavalavu. Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo amalipira. Valavu imene yagwidwa ndi dzimbiri siyenda, ndiye mukazunguza injini mokakamiza, kandodo kokankha valavuyo kamapindika, apo ayi pisitoni imakamenya valavu imene yatsala potseguka. Thirani mafuta pa tsinde la valavu iliyonse, muike kamtengo pamwamba pake, mugogode pang'ono ndi hamala. Yabwino imatsika n'kubwerera yokha ndi mphamvu ya sipuling'i. Imene yatsika osabwerera, kapena yosasuntha konse, iyambe yamasuka imeneyo.

Mukatero tsukani bwino pozungulira mainjekita, opopera dizilo m'masilinda, kuti dothi lisagwere m'kati, masulani mapaipi ake ndi manati awiri ogwira iliyonse, n'kuwazula onse atatu. Sungani mawashala akopa a pansi pake kuti mukagule atsopano ofanana nawo, ndipo kukamwa kwa mapaipi mumange ndi pulasitiki yoyera. M'mabowo a mainjekitawo ndi momwe muthire mafuta olowerera. Ena amagula a m'zitini zopopera. Ambiri amasakaniza okha dizilo ndi ATF, oyilo wofiira wa magiyabokosi a otomatiki, ndipo ena amasakaniza ATF ndi acetone theka ndi theka. Acetone amathandiza mafuta kulowa m'timipata tating'ono koma amauluka msanga ndiponso amayaka moto mosavuta, choncho fodya ndi gasi zikhale kutali. Thirani pafupifupi theka la kapu m'silinda iliyonse, tsekani mabowo ndi nsanza zoyera, muisiye.

Kudikiraku kuli ndi chokuuzani. Tsiku lililonse suzumirani ndi tochi kapena pisani kawaya kofewa. Silinda imene mafuta ake atsikira ku sampu, mokhala oyilo pansi pa injini, ndi yomasuka. Imene mafuta angokhala osachepa ndiye yogwira. Onjezani pamene achepa, ndipo pakatha masiku anayi kapena asanu yambani kuigwedeza. Njira yofatsa ndi iyi: tchingani mawilo ndi mitengo, kwezani wilo limodzi lakumbuyo ndi jeke, mulitsamiritse pa zipika zolimba, ikani giya yapamwamba kwambiri, ndiye mugwire tayala lija ndi manja n'kumalikankhira kutsogolo ndi kumbuyo. Kugunda pang'onopang'ono kwa mbali zonse ziwiri kumathyola dzimbiri popanda kupinda kalikonse. Njira ina ndi kupisa chitsulo pa bowo la sitata n'kukankha mano a flywheel, dzino limodzi uku, dzino limodzi uko, mosamala kuti lisabenthuke. Lembani chizindikiro ndi choko pa pule ya kutsogolo kuti muzindikire ngakhale itasuntha pang'ono chabe. Ikasuntha, mtima usathamange. Ibwezeni kumene yachokera, thiraninso mafuta, mawa mupitirire pang'ono. Cholinga ndi chakuti izungulire kawiri kathunthu ndi manja popanda polimba, chifukwa injini ya mtundu umenewu imafuna kuzungulira kawiri kuti valavu iliyonse itseguke n'kutsekanso.

Masabata atatu akatha osasuntha, hedi ichoke, sampu ichokenso. Mukatero mumaona ndi maso zimene mvula inachita. Palani dzimbiri la pamwamba pa pisitoni, mumasule con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni yogwirayo ku crankshaft, ndipo muike zizindikiro pa zivundikiro zake kuti chilichonse chidzabwerere pamalo pake ndi mbali yake yomweyo. Semani chipika cha mtengo wolimba chokwana bwino m'silinda, chogunda m'mphepete mwa pisitoni osati pakati, ndipo muzimenya chipikacho, osati pisitoni. Onani pansi kuti con rod isakagunde crankshaft. Khoma la silinda likakhala ndi mawanga chabe, kulisalaza ndi timiyala tonolera (honing) ndi kuika maringi atsopano kumakwana. Likakhala ndi maenje oti chikhadabo chikukodwamo, injini idzalira koma izidzamwa oyilo ndi kufuka utsi wabuluu. Ubwino wa Perkins imeneyi ndi woti masilinda ake ali ndi malayinala osinthika, mapaipi achitsulo amene pisitoni imayendamo. Ndi ouma, kutanthauza kuti sakhudzana ndi madzi oziziritsa injini, ndipo amalowetsedwa mothinitsa, choncho ndi ntchito ya ku shopu yokhala ndi makina osindikizira, osati ya hamala pansi pa mtengo. Pobwezera hedi, gasiketi ikhale yatsopano, manati amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, kuyambira pakati kupita kunja motsatira buku la injiniyo, ndipo mpata wa mavalavu ukhale 0.30 mm injini ili yozizira.

Injini yazungulira, koma nthawi yoiliza sinakwane. Tayani oyilo yense, poti tsopano wasakanikirana ndi mafuta munathira aja, musinthe fyuluta, muthire watsopano. Mainjekita akadali kunja, phimbani mabowo ndi nsanza, kokani batani lozimitsira injini kuti dizilo asapite, ndipo muzunguze ndi sitata masekondi khumi kapena khumi ndi asanu, kupumira, kenaka kubwereza. Mukuchita ziwiri: kutulutsa madzimadzi otsala m'masilinda ndi kuyendetsa oyilo m'maberingi mpaka geji ionetse kuti akukwera. Madzimadzi sapanikizika ngati mpweya. Mukabwezera mainjekita m'silinda muli mafuta, pisitoni imakagunda pa chinthu chosasuntha ndipo con rod imapindika nthawi yomweyo.

Dizilo wakale atayidwe yense. M'thanki yokhala theka mumachita thukuta, madzi amakhala pansi, ndipo pamalire a madzi ndi dizilo pamamera tizilombo timene timapanga matope akuda otseka mafyuluta. Tsukani thanki, kambale kagalasi kosefera madzi, ndi kasefa ka pampu yokokera dizilo, musinthe mafyuluta. Pampu yaikulu ya dizilo pa injini imeneyi ndi CAV DPA. Zitsulo za m'kati mwake n'zothinana mwakuti kamchenga kamodzi kamaiwononga, ndipo imadalira dizilo yemweyo kuti isakhulane. Musaitsegule panja pa fumbi. Iyo ndi mainjekita, ngati mukuzikayikira, zipite kwa odziwa mapampu amene ali ndi makina oyesera. Ndipo musayerekeze kuika dzanja kutsogolo kwa injekita imene ikupopera: dizilo amatuluka ndi mphamvu yoposa ma bar 150, amaboola khungu, ndipo bala lake looneka laling'onolo limatha kudulitsa chala.

Kuchotsa mpweya m'mapaipi kumayambira ku thanki kupita ku injini. Masulani kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, mupope ndi kachogwirira ka pampu yokokera mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, mumange. Kachogwirirako kakamangoyenda kopanda mphamvu, zunguzani injini kamodzi, kayamba kupopa. Chitaninso chimodzimodzi pa timabawuti tiwiri ta pa DPA, kuyambira kam'munsi. Pomaliza masulani pang'ono manati a mapaipi pa mainjekita, bwezerani batani lozimitsira m'kati, muzunguze ndi sitata mpaka dizilo alavuke, n'kumanga.

Onaninso njira ya mpweya. Mavu amamanga dothi m'mapaipi, makoswe amasunga zisa m'fyuluta. Ndipo musanalize, konzani kathabwa kosalala kotha kutseka pakamwa polowera mpweya. Pampu imene yagona nthawi yaitali imatha kukakamira pamalo opereka dizilo wambiri, injini n'kuthamanga mopanda malire osamvera batani lozimitsira. Chokha choiimitsa ndi kuitsekera mpweya, ndipo muchite ndi thabwa, osati chikhatho kapena nsanza. Chizolowezi choika nsanza ya petulo pa mpweya kuti ilire msanga ndimadana nacho kwambiri. Chimaphulitsa moto nthawi isanakwane, chimathyola maringi, ndipo pa injini yokhala ndi chotenthetsera mpweya chimatha kuyatsa moto pamaso pa munthu. Choopsa kuposa zonse ndi kuima pansi pambali pa thirakitala n'kugunditsa mawaya a sitata ndi sikuludiraiva. 135 inapangidwa kuti isalire pokhapokha ndodo yaing'ono ya magiya ili pa S. Mukalambalala chitetezo chimenecho ili m'giya, tayala lakumbuyo limakupondani musanasunthe phazi. Lizani mutakhala pa mpando.

Ikalira, maso pa geji ya oyilo. Ikapanda kukwera m'masekondi ochepa, zimitsani. Utsi wambiri poyamba ndi mafuta aja akupsa ndipo umatha. Woyera wosatha wonunkha dizilo ndi wa injekita yodontha kapena silinda yosapanikiza bwino. Thovu lotuluka mosalekeza m'rediyeta limasonyeza kuti gasiketi ya hedi yapsa. Oyilo musinthenso pakatha maola ochepa a ntchito. Kilatchi nayo imamatirira ku flywheel ikagona: mangirirani pedulo yake pansi kwa masiku angapo, ndipo injini ili yozima muigwire kudzera pa kachitseko ka pansi pake. Oyilo wa giyabokosi muonenso ngati alibe madzi, poti ndi yemweyo amene amayendetsa mahayidiroliki okweza pulawo.

Tsono pulawo, harrow yophwanyira zigulumwa ndi silasha yotchetchera udzu zimene zinagona limodzi ndi thirakitala zimakhala zitauma chimodzimodzi. Pano vuto loyamba ndi sipanala yolakwika. Thirakitala imeneyi ndi zipangizo zambiri za nthawi yake zili ndi manati oyezedwa m'mainchesi. Nati ya theka la inchi ndi 12.7 mm, ndipo sipanala ya 13 imalowa koma mogwedera. Pa nati yofewa sizioneka, koma pa yadzimbiri imadya makona onse, nati n'kusanduka yobulungira. Pezani masipanala a mainchesi, makamaka soketi ya makona asanu ndi limodzi imene imagwira mbali zonse.

Palani kaye mazinga oonekera ndi burashi ya waya, chifukwa nati ikamasuka idzadutsa pomwepo. Thirani mafuta olowerera, mugogode nati m'mbali mwake mutatsamiritsa hamala ina kuseri, musiye usiku wonse. M'mawa yambani ndi kuimanga pang'ono musanaimasule. Kusuntha kochepako kumathyola dzimbiri. Kenaka masulani pang'ono, bwezani, thirani mafuta, masulaninso. Paipi yaitali pa sipanala imathandiza, komanso ndi imene imadula mabawuti ambiri. Mukamva nati ikufewa mwadzidzidzi koma nsonga ya bawuti ikuzungulira nayo limodzi, lekani, bawutilo likupotoka. Kumbukiraninso kuti top link, chitsulo cha pamwamba cholumikiza chipangizo ku thirakitala, ndi zina zotalikitsa ndi kufupikitsa zili ndi mazinga amanzere mbali imodzi. Yang'anani kumene mazinga apendekera musanalimbane nawo.

Mafuta akalephera, moto. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndiye mutenthe chakunja, nati kapena chibowo chimene pini yakhalamo, mwachangu, kuti chikule cham'kati chisanatenthe. Moto wa gasi ndi wabwino chifukwa umalunjika pamalo amodzi. Nati ikayamba kufiira pang'ono, yesani pomwepo. Ikakana, isiyeni izizire, muthire mafuta, mubwereze. Kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza kumamasula zimene kamodzi sikangathe. Nati ndi bawuti zimene zafiira musazibwezere pamalo onyamula katundu wolemera, zafooka. Pali malo ena amene moto suyenera kufika. Masipuling'i ndi madisiki a pulawo amataya kulimba kwawo. Chitsulo cha cast iron chimang'aluka mukachitenthetsa mbali imodzi kapena kuchithira madzi chili chotentha. Chitsulo chokutidwa ndi zinc chimatulutsa utsi wodwalitsa. Ndipo rimu imene ili ndi tayala musaiyandikize moto kapena kuiwotcherera, ngakhale mutaphwetsa mpweya, chifukwa tayala limatha kuphulika n'kupha munthu.

Nthawi zina nzeru ndi kuitaya natiyo. Nati ndi yotsika mtengo kuposa shafuti imene yamangidwapo. Iduleni m'mbali ndi sowo kapena girayinda osafika pa mazinga, muing'ambe ndi tchizulo. Bawuti likathyokera m'kati, njira imene ndimaikhulupirira ndi kuika washala ndi nati pamwamba pa chitsa chake n'kuwotcherera m'kati mwa natiyo. Kutentha kwa kuwotcherera kumamasula dzimbiri, ndipo mumapeza pogwira ndi sipanala. Tizitsulo tolimba tozulira mabawuti othyoka timathyoka natonso, ndipo tikathyokera m'bowo palibe dirilo wamba imene ingatiboole.

Pini yokakamira musaimenye pamutu ndi hamala mwachindunji. Mutu umaphwasuka n'kukula, ndipo pini imene inali yogwidwa ndi dzimbiri lokha imakhala yosathekanso kudutsa m'bowo. Yambani ndi kuipotokola ndi sipanala ya mapaipi kuti izungulire, mutsamiritse mbali inayo pa chitsulo cholemera kuti mphamvu isatayike, ndipo mumenye kudzera pa chitsulo chocheperapo kuposa piniyo. Valani magalasi, zibenthu zimauluka. Pa maberingi a madisiki, mphete yakunja ikakanirira m'nyumba yake, wotchererani mzere umodzi kuzungulira m'kati mwake. Ikazizira imafupika ndipo nthawi zambiri imagwa yokha.

Tizitsulo tating'ono, matcheni ndi mabawuti osowa pamsika tinyikeni mu viniga kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti dzimbiri lichoke, kenaka kutsuka, kuumitsa ndi kupaka oyilo nthawi yomweyo. Amene ali pafupi ndi mafakitale a shuga a Dwangwa ndi Nchalo angagwiritse ntchito molasesi: gawo limodzi pa magawo asanu ndi anayi a madzi, m'diramu, kwa masabata awiri kapena atatu. Amanunkha akamasasa koma amachotsa dzimbiri bwino, bola muyambe mwatsuka girizi yense pa zitsulozo.

Shafuti ya PTO ndiyo yosafunika kuipeputsa. Imazungulira ka 540 pa mphindi imodzi, kutanthauza kasanu ndi kanayi pa sekondi, ndipo ili ndi mapaipi awiri olowetsana amene ayenera kutalika ndi kufupika pamene chipangizo chikukwera ndi kutsika. Akagwirana ndi dzimbiri, mukangokweza silasha mphamvu yonse imakankha giyabokosi ya silashayo kapena kumbuyo kwa thirakitala mpaka china chisweke. Asololeni, muwapale, muwapake girizi, ndipo chikuto chake chapulasitiki chikhalepo, chifukwa shafuti yosaphimba ikakola chitenje kapena malaya sipereka mpata. Slip clutch ya silasha, kilatchi yoterereka katundu akachuluka, nayo imamatirira ikagona, ndipo yomatirira siteteza kanthu mpeni ukagunda chitsa. Yezani kutalika kwa masipuling'i ake, muwamasule, muyendetse PTO masekondi ochepa kuti iterereke, muzimitse injini, ndiye mumangenso kufika pa muyeso uja. Pamene pali shear bolt, bawuti lopangidwa dala kuti lithyoke katundu akachuluka, mubwezerepo la mtundu womwewo. Mukaikapo lolimba kuti lisamakuvutitseni, chodzathyoka ulendo wotsatira ndi giya.

Pomanganso, mazinga onse ndi mapini apakidwe girizi, makamaka wa kopa uja woletsa kumatirira, ndipo timabele tothirira girizi totsekeka tisinthidwe, poti girizi akapanda kutulukira mbali ina ya beringi ndiye kuti sanalowe. Ntchito yonseyi iyambike mu Julayi kapena Ogasiti, kuti masabata onyika ndi oitanitsa zipangizo akwane mvula yoyamba isanagwe. Thirakitala ikamaliza kulima iikidwe pansi pa denga thanki ili yodzaza, ekizosi itavundikiridwa ndi chitini, batire litachotsedwa, ndipo kamodzi pa mwezi muziiliza mpaka itenthe, kuiyendetsa pang'ono ndi kukweza mahayidiroliki ake.